Tikachoka kumanda timathawira kuti?

Lero ndalemba ndili wopsa mtima, ndiye amene akhumudwe andikhululukiretu, koma mawu sindibweza.

Lachitatu lapitali ku sitafu tinali ndi msonkhano wa komiti ya welofeya. Mayi wina amene timaphunzitsa naye anataya mwamuna wake mwezi watha, ndipo msungichuma ankatiwerengera momwe ndalama zinayendera. Zinayenda motere: minibasi yotitengera kumudzi, nkhata ziwiri za maluwa, nsalu yofanana ya aphunzitsi aakazi, zakumwa za panjira, kenaka chipepeso chenichenicho, chomwe chinachepa kuposa mtengo wa minibasi ija. Anthu anaomba m'manja kuti sukulu yathu inaoneka bwino pamaliro. Ine ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti, pa tonse tili muno, ndani wapondako kunyumba kwa mayiyu chiikireni maliro? M'chipinda monse munangoti zii. Ndiye ndinapereka ganizo lakuti kuyambira tsopano theka la ndalama za welofeya tizilisunga, tizikapereka pakatha miyezi iwiri kapena itatu, anthu onse atabalalika. Apo ndiye kunavuta. Wina anati ndikufuna kuchititsa manyazi sukulu. Wina anati zimenezo n'zachizungu. Mkulu wina amene ndimamulemekeza kwambiri anangoti, "Achimwene, maliro n'kulirana," ngati kuti mwambiwo watseka nkhani. Belu linalira ndisanayankhe, n'chifukwa chake ndikuyankhira pano.

Nkhani yanga ndi iyi: ife timadziwa kuthandiza maliro, koma kuthandiza ofedwa tinaiwala. Maliro ndi a masiku awiri kapena atatu, pomwe umasiye ndi wa zaka.

Ndivomeretu zabwino, kuopa mungati ndikutukwana mtundu wanga. Palibe chimene chimandinyaditsa ngati mmene timachitira uthenga wa zovuta ukangomveka. Masamba akaikidwa pamsewu wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula. Adzukulu amalawirira kumanda mbandakucha ndi makasu awo popanda wowalembera kalata. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano ndi a m'miphakati ya Akatolika amachezera usiku wonse akuimba m'nyumba ya siwa, abambo ali panja kuwotha moto mame akuwagwera. Anzathu achisilamu ndiye amachita mwachangu ndi mwadongosolo, munthu akamwalira m'mawa kawirikawiri dzuwa limalowa atagona kale m'manda, atakulungidwa m'sanda basi. Amayi anga atamwalira ndinaona anthu amene sindinkawadziwa n'komwe akutunga madzi ndi kuwaza nkhuni pakhomo pathu. Zimenezo sindidzaiwala, ndipo sindikufuna kuti zithe.

Koma ndikukumbukiranso tsiku lachinayi. Mafuwa atazizira, mabenchi atabwezedwa kutchalitchi, wobwereketsa tenti atapasula yake, pakhomo panatsala bambo anga okha ndi nkhuku. Inenso ndinakwera basi kubwerera kuntchito, ndikudzitonthoza kuti tawaika bwino mayi athu. Nditapitanso patatha miyezi iwiri ndinawapeza bambo ataonda, thalauzi atamanga ndi chingwe. Munthu amene anakhala m'banja zaka zoposa makumi anayi sankadziwa kuthyakula nsima, ndipo ankachita manyazi kupempha. Anthu mazana aja amene anadzaza bwalo, palibe amene anafunsa kuti mkuluyu akudya chiyani. Ndikamadzudzula pano, dziwani kuti woyamba kulakwa ndine.

Tiyeni tione chimene maliro athu asanduka, makamaka m'matauni ndi m'matiledingi senta. Ndili mwana kumudzi, mayi aliyense ankapita pamaliro atasenza nkhuni, mbale ya ufa ili m'manja. Mudzi ndiwo unkadyetsa ofedwa. Lero zinatembenuka, ofedwa ndiwo akudyetsa mudzi. Timafika chimanjamanja, timakhala pamzere wa chakudya, ndipo pobwerera timanena kuti maliro ake anali osalongosoka chifukwa ndiwo zinali kabichi ndi soya. Ndinamva ndi makutu anga munthu wophunzira bwino akudandaula kuti pamaliro ena sanapatsidwe mpunga. Mayi wamasiye, maso atatupa, akuitanidwa kuchipinda kuti auzidwe kuti shuga watha. Bokosi nalonso lasanduka mpikisano. Wachibale wochokera ku Lilongwe kapena ku Joni amafika n'kulamula kuti m'bale wake sangagone m'bokosi la kalipentala wa pamsika, pafunika kasiketi, koma pa ndalama yake iye amaponyapo zochepa, zotsalazo ndi katapila amene adzabweze ndi mkazi wamasiye yemweyo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chinakwera, ufa, mafuta a galimoto, matabwa, koma manyazi athu sanatsike ngakhale pang'ono.

Nanga za kuwerenga chipepeso pagulu? Wotsogolera mwambo amagwira kope n'kumatchula dzina ndi ndalama, dzina ndi ndalama, dzuwa likuswa mtengo, ana amasiye ali chikhalire pafupi ndi bokosi. Ena amati n'kuchita zinthu poyera kuti ndalama zisasowe. Chabwino, koma kope lomwelo likhoza kuperekedwa kwa akubanja mwakachetechete. Chimene timafuna ndi chakuti dzina lathu limveke. Masiku ano tinasamutsira khalidweli pa WhatsApp: gulu limatsegulidwa, mndandanda wa maina umayenda, watumiza pa Mpamba kapena pa Airtel Money amamuchonga, wosatumiza amaonekera. Uthenga womaliza pagulupo umakhala zithunzi za nkhata pamanda ndi mawu akuti tayenda bwino. Pambuyo pake anthu amayamba kutuluka m'modzim'modzi. Ndiye a mkulu amene munandiponyera mwambi, ndikufunseni mwaulemu: uku n'kulirana kapena n'kubwezerana ngongole? Ambirife timapita pamaliro kuti tioneke, poopa kuti tsiku lathu likadzafika anthu adzatinyanyala.

Tsopano ndikuuzeni nkhani imene imandisowetsa tulo, chifukwa ndi ya m'kalasi, malo amene ife aphunzitsi sitingaloze chala wina.

Zaka zingapo zapitazo, pasukulu ina imene ndinkaphunzitsa, ndinali ndi mtsikana wa Fomu 3, wanzeru, wa m'gulu la asanu oyambirira. Dzina sinditchula. Teremu yachiwiri kunabwera amalume ake kudzamutenga, akuti bambo akudwala kwambiri. Tonse tinadziwa tanthauzo lake, paja kwathu kuno mwana sauzidwa zoona ali kutali. Tinasonkha, tinatumiza anzake a m'kalasi, ndipo woyankhula m'malo mwa sukulu pamaliropo ndinali ine. Ndinaimirira pamaso pa khamu n'kunena kuti mwanayu ndi wathu, sitidzamutaya. Anthu anang'ung'udza movomereza. Patatha sabata anabwerera m'kalasi, ndinamugwira chanza n'kumuuza kuti alimbe mtima, basi ine kwanga kunatha.

Patapita mwezi anayamba kuchedwa. Kenaka kusinza. Kenaka ntchito ya kunyumba osalemba. Ine, mphunzitsi wa dipuloma yanga, ndinamupatsa chikwakwa kuti akatchetche kuseri kwa ofesi, kawiri konse, ndipo m'kope mwake ndinalemba ndi inki yofiira kuti wayamba ulesi. Sanayankhe kanthu. Teremu yachitatu sanabwerenso. Mayi ake ndinakumana nawo pamsika akugulitsa tomato, ndipo ndi pomwe ndinamva zonse. Tsiku lotsatira kumeta, abale a mwamuna anabwera ndi ngolo. Anatenga makina osokera amene banja linkadyera, njinga, wailesi, malata amene malemu anagula kuti afolere nyumba, mpaka matiresi. Mayiwo anagwa mphwayi, anatha masabata osatuluka m'nyumba. Mtsikana uja ndiye ankadzuka usiku kukazinga mandasi, kusambitsa azing'ono ake, kukasiya mandasiwo kwa wogulitsa, kenaka kuyenda wapansi kubwera kudzalandira chikwakwa changa. MSCE sanalembe. Pano ali ndi ana ake, ndipo tikakumana amagwada n'kundipatsa moni waulemu, "Mwaswera bwanji Sala?" Bwenzi zikundipepukira akanakhala kuti amandilambalala.

Pamaliro a bambo ake panali mpunga ndi nyama, panali kasiketi, panali nkhata ya sukulu yathu. Panalibe chimene tinamana wakufa. Wamoyo ndiye tinamupatsa chikwakwa.

Funsani pasukulu yanu ngati pali amene akudziwa kuti ndi ana angati m'kalasi mwake ataya kholo chaka chino. Rejisitala imangodziwa kuti wabwera kapena wajomba. Kukoleji tinaloweza za Piaget ndi masiteji ake, tinaphunzira kulemba sikimu ndi pulani ya phunziro, koma ine sindikumbukira ola ngakhale limodzi lokamba za mwana wofedwa: kuti chisoni chake nthawi zambiri chimatulukira mochedwa, ndiponso kuti chimabwera chitavala zovala zina, ukali, kusinza, kuiwalaiwala, kudwaladwala mutu, kapena kuseka kopitirira muyeso. Mnyamata ndiye timamuuza kuti mwamuna salira, tsopano ndiwe bambo wa pakhomo. Mwana wa zaka 15! Akayamba kusuta kuseri kwa chimbudzi timaitanitsa kholo, kuiwala kuti kholo lija tinakaliika tokha.

Ndimaganiza kuti ndikudziwa pomwe tinaphunzirira liwiro limeneli. Ife a zaka za m'ma 40 tinakula nthawi ya Edzi isanagwidwe pakhosi, m'ma 1990 mpaka ma ARV aulere atayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Nthawi imeneyo maliro anali a sabata ndi sabata, pena awiri tsiku limodzi m'mudzi umodzi. Anthu anatopa. Unkachoka kumanda kuno uthenga wina ukukudikira kunyumba, ndiye nthawi yobwereranso kwa wofedwa wa mwezi watha ikanachokera kuti? Tinazolowera kuika n'kuthamanga. Sindikuwaweruza makolo athu pa zimenezo. Koma imfa za Edzi zinatsika kwambiri, ife chizolowezi chothamangacho tikadali nacho.

Za ngolo ija ndisazidumphe. Kulanda katundu wamasiye ndi mlandu m'dziko muno. Lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, limati ziwiya za m'nyumba zikhale ndi wotsalayo, ndipo wolanda akhoza kulipitsidwa ngakhale kupita kundende. Lamulo lilipo, koma ndani amamuuza mayi wa kumudzi amene sanapite patali ndi sukulu? Tsiku limene ngolo imabwera, ife ophunzira timakhala titabwerera kale kutauni. Ndipo tinene zoona, olandawo si anthu achilendo. Ndi omwe aja anakhala kutsogolo pamaliro, omwe aja analira mokweza kuposa aliyense, omwe aja analamula kasiketi. Enanso mwa iwo ndi aphunzitsi. Kwa ife a chikamwini nkhanza zake zimagwera abambo: munthu wamanga nyumba, wadzala mitengo ya mango kwa mkazi wake, mkazi akamwalira amamusudzula mwachangu n'kumuonetsa msewu, abwerere kwawo kumene anachokako ali mnyamata.

Tsopano kwa mnzanga amene unati ganizo langa n'lachizungu. Taganiza bwino. Makolo athu ankadziwa kuti chisoni sichitha tsiku loika, n'chifukwa chake anaika nthawi zoti abale azikumananso. Kumeta kunali kukumananso. Asilamu amasonkhananso pa sadaka patatha masiku 40. Chiliza chimamangidwa patapita nthawi, abale n'kubweranso, n'kuona kuti ana akukula bwanji, munda ukulimidwa kapena ayi. Kumudzi kwathu ndinaona ndi maso anga anthu akupita ndi makasu kukapalira munda wa mayi wamasiye, osalipidwa. Ndiye wachizungu ndani, ine amene ndikuti tibwerere kwa wofedwa, kapena iwe wa nkhata za pulasitiki ndi nsalu yofanana? Minibasi ndi maluwa si za makolo. Timasankha mwambo umene ukutikomera. Ena mpaka lero amateteza kulowa kufa ndi chokolo chokakamiza m'dzina la mwambo womwewo, ngakhale lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yovulaza yotere, ndipo mu 2016 khoti linagamula bambo wina wa ku Nsanje kuti akakhale kundende zaka ziwiri pa nkhani zokhudza zimenezi. Mayi wafedwa dzulo, lero chimene tikumuganizira n'chakuti agone ndi munthu wachilendo kuti mudzi uyere. Mudzi ndiwo tikuusamala apa, iye ayi.

Wina anenanso kuti maliro aakulu ndi ulemu womaliza. Ndikumva, ndipo sindikuti tiziika anthu ngati ziweto. Koma kumbukirani 2020, boma litalamula kuti pamaliro pasapitirire anthu 50 chifukwa cha Covid-19. Zinatiwawa tonse. Komabe amene anafedwa nthawi imeneyo, mukacheza nawo, sadandaula za mpunga umene sunaphikidwe. Amadandaula kuti anatsala okha, anthu akuopa ngakhale kuima pakhomo pawo. Kumbukiraninso namondwe wa Freddy mu March 2023, matope atatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, madzi atakokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu mazanamazana sanapezeke. Mabanja amenewo analibe mtembo, analibe siwa, analibe manda oti n'kuikapo nkhata. Ndiye ife amene chithandizo chathu chonse chinamangiriridwa pa bokosi, tinalowera khomo liti kukawapepesa? Ana a mabanja amenewo ali m'makalasi mpaka lero, ena akulemba mayeso chaka chino.

Ngakhale mawu athu amaonetsa kuti tikufulumira. "Limbani mtima." "Musalire, mudwala." "Chinali chifuniro cha Mulungu." Ine ndine wa mpingo, ndimaimba nawo kwaya, koma ndaona kuti mawu amenewa nthawi zambiri timawanena kuti wolirayo atonthole ife tipeze mpata wonyamuka. Bambo anga anandiuza kuti munthu amene anawathandiza kwambiri anali mkulu wina wosoka nsapato, amene ankabwera madzulo ndi bawo lake. Sankalalikira. Ankangotchera bawo, n'kumatchula dzina la amayi anga momasuka, kukumbutsa za thobwa lawo ndi ukali wawo pa ana oba mango. Anthu ena onse ankaopa dzinalo ngati moto.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Ndalama za welofeya zigawidwe pawiri monga ndinanenera, ndipo gawo lachiwirilo lisatumizidwe pafoni, anthu awiri alinyamule ndi miyendo yawo, akakhale pansi, akamwe tiyi. Mphunzitsi wa kalasi akhale ndi tsamba kumapeto kwa rejisitala lolembapo ana ofedwa ndi mwezi umene anafedwa, ndipo mwana wotere asapatsidwe chilango chilichonse mphunzitsiyo asanakhale naye pansi kumufunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Zimenezi sizifuna sekula yochokera kulikulu, ahedi ndi sitafu akhoza kugwirizana mawa lomwe.

Ndipo ife odziwa kuwerenga mafomu, ntchito yathu yeniyeni ili pa mapepala. Mayi wamasiye amafunika chiphaso cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, amafunika kudziwa khomo lolowera kwa DC pa nkhani ya chuma chamasiye, amafunika womuuza kuti kupolisi kuli Victim Support Unit ndiponso kuti Legal Aid Bureau imathandiza amene sangathe kulipira loya. Munthu wosweka mtima kuyenda yekha m'maofesi, kuima pamzere, kubwezedwa kuti chikalata china chasowa, ambiri amangogwa ulesi n'kusiya. Kumuperekeza tsiku limodzi kumaposa nkhata khumi. Inu ana anga akale, ena ndinu apolisi tsopano, ena anamwino, ena maloya, ena muli ku Cape Town ndi ku Leeds. Mukatumiza chipepeso, lembani tsikulo penapake, pakatha miyezi itatu muimbenso foni. Funsani ngati mwana ali ndi yunifolomu, makope, sopo, ndalama ya ku hositelo. Nthawi imeneyo foni ya wofedwa imakhala itasiya kulira.

Komanso aphunzitsi anzanga, tilembe mawilo. Ndikudziwa, timati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Ine yanga ndinalemba chaka chatha, ndinasaina pamaso pa mboni ziwiri zosakhudzidwa ndi katunduyo, ndipo ndikadali moyo, ndikuchongabe makope anu. Ndilibe zambiri, kanyumba kosamaliza ndi njinga yamoto yokalamba, koma ndikuwadziwa abale anga.

Msonkhano wina wa welofeya uliko kumapeto kwa mwezi, ndipo ganizo lija ndidzalibweretsanso, kaya mudzandikuwiza. Loweruka likubwerali ine ndi akunyumba tikupita kukaona mnzathu uja. Tanyamula ufa, shuga ndi sopo, ndipo ndamva kuti mwana wake wamkulu akuvutika ndi masamu, ndiye a dipatimenti ya masamu musanamizire kutanganidwa. Amene akufuna kutsagana nafe atipeze pa siteji nthawi ya 9 koloko m'mawa. Minibasi aliyense adzilipirira yekha, nsalu valani iliyonse.